Kamera yaing'ono ya filimu yokhala ndi zoom: zimene imachita bwino ndi pamene imakhumudwitsa

Anthu ambiri ayambiranso kujambula ndi filimu, ndipo amene akufuna kuyamba popanda kuwononga ndalama zambiri amakumana kawirikawiri ndi mtundu umodzi wa kamera umene wachuluka pakati pa zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito. Ndi kamera yaing'ono yapulasitiki, yokwana m'thumba la jekete, yokhala ndi lenzi imene imatuluka yokha ikayatsidwa ndiponso imatalika kapena kufupika munthu akadina batani, zimene zimatchedwa zoom. Kutsogolo kwake kumalembedwa manambala osonyeza kutalika kwa lenzi, ngati 38–105mm kapena 38–140mm, ndipo ogulitsa amakonda kuloza nambala yachiwiriyo ngati umboni wakuti kamerayo ndi yamphamvu. Ndagwiritsa ntchito makamera angapo a mtundu umenewu, ndipo chimene ndaona ndi chakuti ndi makamera abwino kuposa mmene anthu odziwa kujambula amawanenera, koma zoom yaitaliyo, imene inali chifukwa chachikulu chowagulira, ndiyo mbali yawo yofooka kwambiri.

Mtundu umenewu unayamba mu 1986 pamene Pentax inatulutsa Zoom 70, ya lenzi ya 35–70mm, ndipo m'zaka za m'ma 1990 pafupifupi kampani iliyonse yopanga makamera inali ndi yakeyake. Pentax inali ndi Espio, imene ku America inkatchedwa IQZoom. Canon inali ndi Autoboy ku Japan, imene ku America inali Sure Shot ndipo ku Ulaya inali Prima. Minolta inali ndi Riva Zoom ndi Freedom Zoom. Olympus inali ndi mju Zoom, yodziwikanso kuti Stylus Zoom. Mayinawa ndi ofunika kuwadziwa chifukwa kamera imodzimodzi imapezeka ndi mayina awiri kapena atatu, ndipo wogula akhoza kuganiza kuti akuyerekeza makamera osiyana pamene akuyang'ana chinthu chimodzi. Makampaniwa ankapikisana kwambiri pa kutalika kwa zoom, mpaka Pentax inafika potulutsa Espio 200 ya 48–200mm, kenaka makamera a dijito atafala m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 mtundu wonsewu unazilala.

Ubwino wake woyamba ndi wakuti sichititsa mantha. Munthu amatsegula chitseko chakumbuyo, n'kuika filimu, n'kukokera nsonga yake mpaka pa chizindikiro, ndipo akatseka kamota kamakoka filimuyo kokha kufika pa chithunzi choyamba. Kamera imawerenga yokha mphamvu ya filimu yolandirira kuwala, imene imalembedwa ndi nambala ya ISO, kuchokera pa timabokosi tasiliva ndi takuda timene tili pa chikho cha filimuyo, njira yotchedwa DX imene Kodak inayambitsa mu 1983. Imayeza kuwala, imasankha liwiro la shutter (kachitseko kamene kamatseguka kwa kanthawi kuti kuwala kufike pa filimu), imapeza mtunda wa chinthu chojambulidwa, ndipo filimu ikatha imaibweza yokha m'chikho. Zolakwa zimene zimawononga filimu yoyamba ya munthu wophunzira pa kamera yoyendetsa pamanja, monga filimu yosakoledwa bwino imene siyenda n'komwe, pano sizichitikachitika. Kwa munthu amene akufuna zithunzi 36 za anthu ake ndi malo amene wapitako, osati maphunziro a kajambulidwe, zimenezi n'zamtengo wapatali.

Ubwino wachiwiri ndi mtengo. Makamera aang'ono a lenzi yosasintha, monga Olympus mju-II ya mu 1997, Yashica T4 ndi Contax T2, anatchuka kwambiri pa intaneti ndipo mitengo yake inakwera kufika posagwirizana ndi zimene makamerawo ali nazo m'kati. Makamera a zoom sanatchuke choncho, ndiye amagulidwa motsika kwambiri, ngakhale kuti ambiri anapangidwa ndi makampani omwewo, m'zaka zomwezo. Pa mbali yaifupi ya lenzi, kuyambira 38mm mpaka cha m'ma 60mm, ndiponso masana kukuwala, zithunzi zake zimaoneka bwino kwambiri, makamaka pakati pa chithunzi. M'makona nthawi zina mumada pang'ono ndipo tinthu ting'onoting'ono sitioneka bwinobwino, koma pa chithunzi chosindikizidwa cha masentimita 10 ndi 15, kapena choonera pa foni, ndi anthu ochepa amene angasiyanitse ndi chochokera mu kamera yodula.

Ndiyenera kuvomerezanso kuti zoom yaifupi ili ndi phindu lenileni. Lenzi ya 35mm kapena 38mm ikayandikitsidwa kwambiri pa nkhope ya munthu imakulitsa mphuno ndi kubweza makutu m'mbuyo, chifukwa wojambula amakhala ataima pafupi kwambiri. Ukabwerera m'mbuyo masitepe angapo n'kutalikitsa lenzi kufika pa 70mm kapena 80mm, nkhope imaoneka monga mmene maso amaionera, ndipo zinthu zosafunika za m'mbali zimachoka m'chithunzi. Kamera ya lenzi yosasintha, kaya ndi yodula chotani, singachite zimenezi.

Vuto limayamba pamene lenzi yatalika kwambiri, ndipo gwero lake ndi kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala. Kukula kwa kabowo kameneka kumalembedwa ndi nambala ya f, ndipo nambalayo ikamakula, kuwala kofika pa filimu kumachepa. Olympus mju-II ili ndi f/2.8. Makamera ambiri a zoom amayambira cha pa f/4 kapena f/5 pa mbali yaifupi, koma akafika kumapeto kwa zoom yaitali amakhala pa f/10, f/11, ngakhale f/13. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: nambala ya f imapezeka pogawa kutalika kwa lenzi ndi kukula kwa kabowo, ndiye lenzi ya 115mm kuti ikhale pa f/4 imafunika kabowo ka pafupifupi mamilimita 29, kamene sikangakwane mu lenzi yoyenera kupindika n'kubisala m'kamera ya m'thumba. Opanga anasankha kutalika ndi kuchepa kwa kamera, ndipo chimene anataya ndi kuwala.

Kusiyana kumeneku si kwapang'ono. Kuchokera pa f/2.8 kufika pa f/11 kuwala kumachepa maulendo 16, kutanthauza kuti pamalo pamene kamera ya f/2.8 ikujambula pa 1/125 ya sekondi, ya f/11 iyenera kusiya shutter yotsegula kwa 1/8 ya sekondi. Tsoka lake n'lakuti lenzi yaitali ndiyo imafuna liwiro lalikulu, popeza imakulitsa chinthu chojambulidwa pamodzi ndi kunjenjemera kwa dzanja. Lamulo lakale la ojambula limati pogwira kamera pamanja liwiro lisatsike kuposa 1 kugawa ndi kutalika kwa lenzi, ndiye pa 115mm pamafunika pafupifupi 1/125. Dzuwa likuswa mtengo, zimenezi zimatheka popanda vuto. Kunja kukachita mitambo yakuda, filimu ya ISO 100 pa f/11 imafuna pafupifupi 1/25, ndipo kamera yopepuka, yogwiridwa ndi zala, yokhala ndi lenzi yotuluka patali, singakhazikike kwa nthawi imeneyo. Zithunzi zambiri zachimbuuzi zimene anthu amati zaonongeka chifukwa cha lenzi yoipa kwenikweni zimakhala zitaonongeka chifukwa cha kugwedezeka kumeneku. Choipa kwambiri n'chakuti makamera ambiri a mtundu umenewu sasonyeza liwiro limene asankha, ndiye wojambula amadziwa zimene zinachitika filimu ikatsukidwa.

Kamera ikaona kuti kuwala kwachepa imayatsa fulashi, ndipo apa vuto lomwelo limabweranso mwa njira ina. Mtunda umene fulashi imafika umapezeka pogawa mphamvu yake ndi nambala ya f. Tiyerekeze kuti fulashi ili ndi mphamvu ya 12 pa filimu ya ISO 100: pa f/4 imafika mamita 3, koma pa f/12 imafika mita imodzi yokha. Choncho munthu amene waima kumbuyo kwa holo n'kutalikitsa lenzi mpaka kumapeto kuti ajambule amene ali kutsogolo amapeza mitu ya oyandikana naye yoyera mbuu, pamene amene ankawafunawo amira mumdima. Ndiponso chifukwa fulashi ili pafupi kwambiri ndi lenzi, maso a anthu amatuluka ofiira, makamaka pa mbali yaitali. Njira yochepetsera zimenezi, ya kuthwanima kangapo chithunzi chisanajambulidwe, imachedwetsa kujambula ndipo nthawi zina imachititsa anthu kuphethira kapena kuchoka poganiza kuti zatha.

Pali khalidwe lina la fulashi limene limanditopetsa kuposa zonsezi. Pa makamera ambiri, ukazimitsa fulashi kenaka n'kuzimitsa kamera, ukaiyatsanso imakhala itaiwala ndipo yabwerera pa kuyatsa fulashi yokha. Kabatani kosinthira kamakhala kakang'ono kofuna chikhadabo, ndipo umafunika kukadina kawiri kapena katatu nthawi iliyonse. Amene amakonda kujambula anthu mosawadzidzimutsa, kapena m'malo oletsa fulashi monga m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ayenera kuzolowera kuyang'ana kagalasi ka pamwamba pa kamera, kosonyeza manambala ndi zizindikiro, nthawi zonse asanadine. Komabe si chilungamo kuinyoza fulashiyo kotheratu, chifukwa pa mbali yaifupi ya lenzi, pa mtunda wa mamita awiri kapena atatu, imatulutsa zithunzi zowala bwino za anthu ali pamodzi m'nyumba, ndipo masana imathandiza kuwalitsa nkhope ya munthu amene dzuwa lili kumbuyo kwake.

Zonsezi zikusonyeza filimu yoyenera kamera imeneyi, ndipo pano sindikayika: ikhale ya ISO 400. Filimu yotero imafuna kuwala kochepa maulendo 4 poyerekeza ndi ya ISO 100, ndiye 1/25 ija imasanduka 1/100, ndipo mtunda wa fulashi umawirikiza kawiri. Kodak UltraMax 400 ndi Kodak Portra 400 ndi zoyenera kwa ofuna mitundu, pamene Ilford HP5 Plus ndi yoyenera kwa ofuna zakuda ndi zoyera. Timadontho ta filimu timaonekerako pang'ono, koma ndi bwino kukhala ndi chithunzi cha timadontho kusiyana ndi chogwedezeka. Filimu ya negetivu, monga mafilimu atatu amenewa, imapiriranso kuwala kopitirira muyezo, motero imabisa zolakwa zazing'ono za kamera poyeza kuwala, pamene filimu ya silaidi, yoonetsera zithunzi pakhoma ndi pulojekita, siikhululuka choncho ndipo sindingailangize pa kamera yosalola munthu kusintha kalikonse. Chenjezo lina likukhudza mafilimu amene makampani ang'onoang'ono amaika m'zikho zopanda zizindikiro za DX. Kamera ikasowa zizindikirozo imangotenga nambala imodzi imene inaikidwiratu, kawirikawiri ISO 100, ndipo pa makamera ambiri palibe batani lokonzera zimenezo.

Kapezedwe ka mtunda kali ndi malire akenso. Makamera ambiri a mtundu umenewu amatumiza kuwala kosaoneka ndi maso kwa infrared n'kuyeza mmene kwabwerera, njira imene imagwira bwino ntchito ngakhale mumdima koma imanyengeka ndi galasi. Ukajambula kudzera pa windo la galimoto kapena la ndege, kamera imayeza mtunda wa galasilo, ndipo phiri limene ukulifuna limatuluka lachimbuuzi. Mankhwala ake ndi batani la chizindikiro cha phiri, limene limauza lenzi kuti iyang'ane kutali kwambiri ndipo kawirikawiri limazimitsanso fulashi; kamera yopanda batani limeneli ndimaiona ngati yoperewera. Makamera ena a m'zaka zakumapeto amayeza mtunda poyang'ana kusiyana kwa kuwala ndi mdima pa chinthucho, ndipo amenewa savutika kwambiri ndi galasi koma amasokonezeka ndi khoma losalala la mtundu umodzi. Pa mitundu yonse iwiri, njira yodalirika ndi kulozetsa kachizindikiro ka pakati pa chinthu chimene ukufuna, kudina batani pang'ono mpaka kanyali kobiriwira kayake, kenaka n'kusuntha kamera kuti chithunzi chikhale mmene ukufunira chala chili chigwirire. Wosachita zimenezi akajambula anthu awiri oima motalikirana pang'ono amapeza kuti kamera inayeza khoma la pakati pawo.

Kawindo kosuzumira ndi kakang'ono, ndipo kamada pamene lenzi ikutalika. Popeza sikayang'ana kudzera mu lenzi, zimene diso likuona zimasiyana pang'ono ndi zimene filimu ikulandira, ndipo kusiyanako kumakula chinthu chikakhala pafupi. Timizere ta m'kawindomo tilipo kuti tisonyeze pamene chithunzi chidzathere, ndipo wosatisamala amadula mitu. Kawindoko sikasonyezanso ngati chala kapena chingwe chatchinga lenzi. Nkhani ya liwiro ndi yachidule: kamera imatenga kanthawi kutulutsa lenzi, zoom imayenda mwapang'onopang'ono ndi phokoso la kamota, ndipo pakati pa kudina ndi kujambula pamakhala kachedwe kokwanira kuti mwana wothamanga atuluke m'chithunzi.

Chimene wogula ayenera kuchiganizira mozama kuposa zonse ndi zaka za makamera amenewa. Ambiri mwa iwo apitirira zaka 20, ndipo sanapangidwe kuti adzakonzedwe. Lenzi imayenda ndi timagiya tapulasitiki, ndipo magetsi amafika ku shutter kudzera m'kachingwe kopyapyala kamene kamapindika nthawi iliyonse lenzi ikatuluka kapena kulowa. Kachingweko kakathyoka kapena dzino limodzi la giya likagumuka, lenzi imaima pakati ndipo kamera yonse yafa, chifukwa palibe mbali imene ingayendetsedwe pamanja. Lenzi yaitali imatuluka m'magawo awiri kapena atatu, ndiye malo oti aonongeke amachuluka, ndipo zotchingira za m'mphepete mwa magawowo zikakalamba kuwala kumalowerera n'kusiya mizere yoyera yokhota pa zithunzi. Zida zosinthira kulibe. Kyocera, imene inkapanga Contax ndi Yashica, inasiya makamera amenewa mu 2005, Konica Minolta inasiya kupanga makamera mu 2006, ndipo makampani amene adakalipo anasiya kalekale kukonza makamera a m'gulu limeneli. Makamera atsopano a filimu amene atuluka posachedwapa, monga Pentax 17 ya mu 2024, ali ndi lenzi yosasintha. Amene angafune kutsegula kamera yakufa kuti aikonze yekha adziwe kuti kachipangizo kosunga magetsi a fulashi kamakhala ndi mphamvu ya mavolti mazana angapo ngakhale batire litachotsedwa, ndipo kakhoza kumuvulaza.

Pali msampha umodzi umene wakola ogula ambiri. Mu 1996 kunabwera mtundu wina wa filimu wotchedwa APS, ndipo makamera ake, monga Canon IXUS kapena ELPH a filimu, Kodak Advantix, Minolta Vectis ndi Nikon Nuvis, ndi aang'ono ndi okongola kuposa a filimu wamba yotchedwa 35mm, ambiri ali ndi zoom, ndipo amagulitsidwa motchipa kwambiri. Filimu ya APS inasiya kupangidwa mu 2011, motero imene ikupezeka ndi yakale yokhayokha, ndipo malo oitsuka ndi ochepa. Kuwazindikira n'kosavuta: kamera ya 35mm imatseguka kumbuyo konse, pamene ya APS ili ndi kachitseko kakang'ono kolowetsera chikho cha filimu. Zinthu zina ziwiri zimene ogulitsa amatamanda sizoyenera kuwonjezerera ndalama. Batani la panorama, lojambulira chithunzi chachitali cham'mbali, silikulitsa chithunzi, limangotchinga pamwamba ndi pansi pa filimu. Chodinda tsiku pa chithunzi n'chosangalatsa kwa ochikonda, koma pa makamera ena kalendala yake inathera mu 2019.

Kamera yotere isagulidwe popanda kuiyesa, kapena popanda lonjezo lakuti ingabwezedwe. Yambiri imagwiritsa ntchito batire la lithium la CR123A kapena CR2, ndipo wogula achita bwino kupita ndi lake latsopano, chifukwa mawu akuti kamera ili bwino koma ilibe batire sakutsimikizira chilichonse. Ayang'ane mokhala batire ngati mulibe dzimbiri kapena zoyera zotuluka m'batire lakale, ndiponso ngati kachitseko kake sikanathyoke. Ayendetse zoom kuchokera koyamba mpaka kumapeto kangapo akumvetsera ngati kamota kakulira mofanana, popanda kukhadzula kapena kuima. Atsegule kumbuyo, alozetse kamera kowala n'kudina, kuti aone ngati shutter ikutseguka, ngakhale kuti makamera ena sajambula chitseko chili chotsegula. Aone ngati fulashi ikuyaka ndi kudzazanso mwamsanga, ngati manambala a pa kagalasi ka pamwamba akuoneka onse, ndiponso ngati m'lenzi mulibe nkhungu yooneka ngati ulusi wa kangaude. Zonsezi zikakhala bwino, filimu yoyamba ikhale yotchipa ndipo ijambulidwe pa zinthu zosadandaulitsa, pa mbali zonse za zoom, chifukwa kulowerera kwa kuwala kumaoneka pokhapokha filimu itatsukidwa.

Kwa munthu amene akufuna kuphunzira kulamulira kuwala ndi liwiro, kamera imeneyi si yoyenera, chifukwa imasankha zonse yokha ndipo siifotokoza chimene yasankha. Iye angapindule kwambiri ndi SLR yakale, kamera yaikulupo imene wojambula amayang'ana kudzera mu lenzi n'kusankha yekha kuwala ndi liwiro. Si yoyeneranso kwa wokonda kujambula madzulo popanda fulashi, kapena wofuna kuti kumbuyo kwa munthu kukhale kwachimbuuzi, zimene f/11 singapereke kwenikweni. Koma kwa wofuna kamera yopepuka ya paulendo ndi ya pa zochitika za banja, yoti ikatayika kapena kufa mtima usapweteke kwambiri, ndimaivomereza, malinga asankhe mosatengeka ndi nambala yaikulu. Pa makamera awiri ogwira ntchito bwino, ndingatenge ya 38–70mm kapena 38–80mm n'kusiya ya 38–160mm, chifukwa yaifupiyo kawirikawiri imalowetsa kuwala kochuluka kumapeto kwake ndipo ili ndi magawo ochepa oti aonongeke. Ikapezeka yoyambira pa 28mm ndingaiike patsogolo, popeza m'chipinda chopanikiza kapena pamsewu wopapatiza mamilimita 10 a kumbali yaifupi amathandiza kwambiri kuposa 50 a kumbali yaitali. Contax TVS ya mu 1993, ya 28–56mm, inatsatira maganizo amenewa, ngakhale kuti mtengo wake uli m'gulu lina. Amene ali kale ndi ya zoom yaitali asaitaye: aikemo filimu ya ISO 400, azijambula kwambiri pakati pa 38mm ndi 70mm, ndipo mbali yotsalayo aziigwiritsa ntchito dzuwa likawala kwambiri, atagwira kamera ndi manja awiri ndipo zigongono zitatsamira pa thupi.